Chithunzi cha Zotsala

Chithunzi chachikulu ngati chitseko chinasowa masanasana m'holo ya khomo limodzi, ndipo woyamba kulozedwa chala ndinali ine.

Ine ndine mmisiri wa mafelemu. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuveka matabwa zithunzi za anthu ena, ndipo kunena mosapsatira, zambiri mwa izo felemu yanga ndi imene imazichotsa manyazi. Sabata imeneyo Adona, eni ake a nyumba ya zionetsero, anali atasonkhanitsa ana asanu ndi atatu ongoyamba kumene kujambula. Oweruza ankayembekezeka folo koloko tsiku lomwelo. Wopambana ankapatsidwa chipinda chojambuliramo kwa chaka chathunthu, pamwamba pa holo yomweyo, makiyi m'manja. Lamulo linali limodzi: amene chithunzi chake sichili pakhoma oweruza akamalowa, wagwa nayo.

Ndinafika thu koloko ndi mafelemu anga, n'kupeza wapolisi atatsekereza khomo ndi mimba. Anali a Sajeni, kabuku m'manja, cholembera atachiluma ngati ndudu.

"Ndinu amisiri aja? Ikani matabwawo pansi. Musachoke."

M'kati, zithunzi zonse zinali zitatsamira makoma, zikudikira mafelemu. Malo amodzi okha panali chimango chopanda kanthu, matabwa anayi aja amene wojambula amakungapo chinsalu chake. Pafupi ndi chimangocho panakhala mtsikana pa chitini cha penti, manja ali pamaondo, osalira.

Anzake ankamutcha Zotsala. Dzinali linabwera chifukwa ankajambula ndi zimene mlongo wake wataya: machubu a penti ofinyidwa kale, amene iye ankawang'amba ndi lezala n'kukokota. Mlongo wakeyo, Kandevu, ndiye anapita kusukulu ya zojambula, bambo awo akumulipirira mosanyinyirika. Mtsikanayu bambo anamuuza kuti chionetserochi n'chomaliza, ndipo Lolemba akaime kuseri kwa kauntala m'shopu yawo ya zitsulo, azikagulitsa maloko mpaka adzapezeke womukwatira. Ndiye chithunzi chosowacho sichinali chithunzi chabe ayi. Chinali khomo lake lokhalo lotulukira m'shopumo.

* * *

A Sajeni anayamba ndi mlonda wa pakhomo, munthu wamkulu amene sayankha funso asanalizungulire katatu.

"Bwana, ine ndi ntchito yanga sitisiyana. Chifikireni m'mawa, ngakhale kokataya madzi sindinapite. Afunseni Adona, zaka zisanu ndi zinayi, ngakhale tsache silinasowepo."

"Ndafunsa za lero."

"Lero, bwana, anawa anatuluka thwelofu koloko kukadya kuseri. Ena amalowanso, kaya foni, kaya chiyani, ana a masiku ano sakhala pansi. Sindinawawerenge. Koma chinthu chachikulu chotuluka pakhomo pano, ayi ndithu. Ndikanachiona."

"M'holo munatsala ndani?"

Mlonda anandiyang'ana, kenako anayang'ana nsapato zake. "Amisiriwa, bwana. Amakhoma."

"Munawaona?"

"Kuwaona ayi, ndinali nditafulatira. Ndinawamva. Tcha, tcha, tcha, kwa kanthawi ndithu."

A Sajeni anatembenuka pang'onopang'ono, nkhope ikuwala ngati munthu amene wapeza kale wakuba ndipo akuganiza zoweruka msanga.

"Thwelofu koloko ndinali kwanga ndikupala matabwa," ndinatero. "Ndipo hamala yanga siti tcha."

"Imati bwanji?"

"Imati go. Chimene chimati tcha ndi sitepula, kachida ka anthu aulesi kolasa timawaya. Ine sindinakagwirepo chibadwire."

Analemba kenakake m'kabukumo. Ndikukayika ngati kanali kanzeru.

* * *

Adona anatsika kuchokera ku ofesi akununkhira ngati shopu ya mafuta odzola. Mayi ameneyu amadziwa mtengo wa chithunzi chilichonse, koma sindinamuonepo ataima kutsogolo kwa chimodzi kwa mphindi yathunthu.

"Sajeni, chonde, pasakhale phokoso. Atolankhani akubwera limodzi ndi oweruza. Sindikufuna yunifolomu m'zithunzi zawo."

"Chithunzi chosowacho chinali chotani, mayi?"

"Chachikulu."

"Chojambulidwa chiyani?"

Adona anakonza ndolo. "Sindinachione. Chinabwera m'mawa chokulungidwa m'mapepala. Mtsikanayu ndinangomulowetsa dzana, wina atadwala, poti khoma linali ndi mpata. Kunena zoona, sindikuona amene angavutike kuba ntchito ya munthu wosaphunzira. Akanaba cha mlongo wake ndikanamvetsa. Icho ndiye ndinachiona pafoni, ndipo oweruza akachiona nkhani yatha."

Zonsezi ankanena mwiniwake ali pomwepo pa chitini, ngati akunena za mpando.

A Sajeni anapita kwa mtsikanayo. "Iwe, unajambula chiyani?"

"Amayi anga. Akusoka pa makina."

"Ali kuti amayi ako?"

"Anamwalira."

"Unachisiya nthawi yanji?"

"Thwelofu. Ndinachivundukula, n'kuchitembenuzira kukhoma kuti chisadetsedwe, n'kupita kukasamba m'manja. Kenako ndinakhala kuseri ndi anzanga. Pobwera wani koloko ndinapeza matabwawa."

"Ndani anachiona usanachitembenuze?"

Anaganiza pang'ono. "Achimwene anali chakuno. Kaya anachiona."

A Sajeni sanalembe zimenezo. Anali atapanga kale nkhani yawo: wakuba anazula chinsalu pa chimango, n'kuchipinda, n'kuchilowetsa m'chikwama. Anakhuthula zikwama zonse pansi, za ana asanu ndi atatu ndi changa chomwe. Munatuluka mabulashi, machaja a foni, malaya akuda, ndi magalasi odziyang'anira ochuluka kuposa mapensulo. Chinsalu munalibe.

* * *

Wotsatira anali Magalasi, mnyamata wovala magalasi akuda m'nyumba. Iyeyu sanafune felemu, poti ntchito yake inali mulu wa nsapato zakutha pakati pa holo, ndi kapepala kofotokoza kuti muluwo ukufunsa mafunso. A Sajeni anali atapondapo kale kawiri, akuyesa zinyalala.

"Nthawi ya chakudya unali kuti?"

"Funso la kuti munthu ali kuti, bwana, ndi limene ntchito yanga yonse ikulimbana nalo."

"Ndikumenya mbama."

"Ndinali kuseri, pansi pa masitepe, ndi Kandevu."

"Nthawi yonse?"

"Ola lathunthu. Ndimamufotokozera m'mene nsapato imakumbukirira phazi."

Ndinalephera kupirira. "Iye amayankha chiyani?"

Magalasi anandiyang'ana ngati thabwa lalankhula. "Sanayankhe, madala. Anthu ambiri ndikamalankhula amasowa chonena."

"Umamuyang'ana?"

"Ndimadzijambula pafoni. Otsatira anga amafuna kumva maganizo anga akadali otentha."

Ameneyo ndiye anali mboni. Mwana woti ungamuchotsere mpando, tebulo ndi denga lomwe, iye akulankhulabe.

Kandevu sanadikire kuitanidwa. Anabwera yekha, tindevu take tosongoka, malaya odontha penti mwadala kuti aliyense adziwe ntchito yake. Chithunzi chake chinali pakona, chitafundidwa nsalu yoyera, ndipo m'mawa wonse sanalole munthu kuchiyandikira. Ankati sichinaume, chingagwire fumbi.

"Bwana, ndilankhule ngati mchimwene wake," anatero motsitsa mawu, koma motsitsa moti holo yonse imve. "Mlongo wangayu ndi wamantha. Sanaonetsepo ntchito yake pagulu. Ine sindikunena kuti wabisa yekha. Ndikungoti munthu akaona ntchito za anzake ophunzira, mtima umatha kumuthawa. Tisamuchititse manyazi. Ndimutengera kunyumba zikatha izi."

A Sajeni anagwedeza mutu mokhutira. Nkhani yotere imawakomera apolisi, poti sifuna kuthamanga.

"Iwe mtsikana, ukudziwa kuti kunamiza apolisi ndi mlandu?"

Zotsala anayang'ana mlongo wake nthawi yaitali. Koloko ya pakhoma inali itakwana fili.

* * *

Anthu amandifunsa kuti pa zithunzi zonse zimene ndaveka, chokongola kwambiri ndi chiti. Sindidziwa. Ine zithunzi ndimazidziwira kumbuyo. Kutsogolo munthu amanama m'mene angathere, koma kumbuyo, kumene amapinda chinsalu n'kuchikhomera, amaganiza kuti kulibe woyang'ana. Ngakhale poyeza sabata yathayo, zonse ndinaziyeza chakumbuyo, zina zili m'mapepala awo. Cha Zotsala, chimene ndinachiyeza dzana atangolowetsedwa, chinali chofanana kukula ndi cha Kandevu, poti mtsikanayu ngakhale chimango anatola chimene mlongo wake anachikana.

Ndinanyamula chimango chopanda kanthu chija n'kupita nacho pawindo. A Sajeni anali atachigwiragwira ngati chiwongolero, osaona chimene chinali pamphuno pawo. M'mbali monse munali timabowo tiwiritiwiri, toyandikana, mzere wokhotakhota. Mabowo a timawaya ta sitepula.

Zotsala alibe sitepula. Amabwera kwanga Loweruka kudzatola timisomali takugwa pansi, n'kumatiwongola kamodzikamodzi pa mwala. Ndimamusiya, chifukwa pa ana onsewa ndi yekhayo amene anandifunsapo m'mene amakungira chinsalu, ndipo nditamuuza anamva. Msomali umasiya bowo limodzi.

Chimango ichi sichinali chake. Ndiye kuti chake chinali kwina, chinsalu chake chili pomwepo chosazulidwa, ndipo chinthu chachikulu ngati chitseko sichinatuluke pakhomo. Ndiponso panali wina m'holomo amene chinsalu chake chinasamuka pa matabwa ake nthawi ya chakudya, mlonda akumva tcha, tcha, tcha.

Sindinauze a Sajeni. Akanafunsa kuti bowo limati bwanji.

"Amisiri, nthawi," anatero Adona akuwomba m'manja. "Vekani zimene zilipo. Pa mpata wa mtsikanayu tiikapo maluwa."

Ndinayamba kuveka. Choyamba chinalowa, chachiwiri chinalowa. Zisanu zonse zinakhala m'mafelemu awo mosakakamiza, chifukwa tepi yanga sinama. Ndinasiya cha pakona kuti chikhale chomaliza.

Kandevu anaima kutsogolo kwake. "Ichi ndiveka ndekha, madala. Ingondipatsani felemu."

"Unayamba wavekapo?"

"Ndinaphunzira zaka zitatu."

"Ndiye veka."

Anagoneka felemu pansi, nanyamula chithunzi chili chofundidwabe, nachitsitsiramo chafufumimba. Chinakana. Anakankha ngodya imodzi, ina n'kutumphuka. Anachitembenuza, nayesanso, thukuta likutsikira m'tindevu tija. Holo yonse inali itasiya zochita.

"Mwalakwitsa muyeso," anatero.

"Mwana iwe, ndinayamba kuyeza matabwa bambo ako asanafunsire mbeta. Chithunzi chako chanenepa chichokereni sabata yatha. Chadya chiyani?"

Palibe anaseka. Ndinagwada, n'kuitana a Sajeni ndi chala.

* * *

Kumbuyo kwake kunali konyansa. Timawaya tinali titalasidwa mothamanga, tina topindika, tina tolowa theka. Ngodya anazipinda ngati akukulunga nsapato zopita nazo kwa wosoka. M'mphepete munali zidindo za zala, pamene anagwira penti wosauma pokoka. Ndinalowetsa chozulira pansi pa mpendero n'kuutukula pang'ono.

"Mukuona chiyani, bwana?"

A Sajeni anawerama mpaka lamba kulira. "Nsalu ina."

"Nanga ito?"

"Timisomali."

"Werengani mipata yake. Zala zitatu, zala zitatu, mzere wowongoka. Ameneyo ndi munthu wolemekeza ntchito. Uyu wapamwambayu ndi wa zaka zitatu za kusukulu."

Kandevu anayamba kulankhula zambiri nthawi imodzi. Anati zinali nthabwala. Anati inali mbali ya luso lake, chithunzi chobisa chithunzi, ndipo Magalasi anagwedeza mutu ngati zamveka. Kenako anati amamuteteza mlongo wake kuti asasekedwe. Ine ndinkangozula timawaya, kamodzi, kamodzi, n'kumatiponya m'chipewa cha a Sajeni. Zotsala anadzuka pa chitini paja, nadzagwira mbali ina ya chinsalu kuti chisakhudze pansi. Ngakhale pamenepo ankasamala ntchito ya munthu amene anamubera.

Titachotsa chapamwamba, ndinachiyala patebulo, n'kuimika chapansi pambali pake. Aka kanali koyamba tsikulo kuti ndiyang'ane chithunzi kutsogolo.

Zinali chithunzi chimodzi. Mayi yemweyo, makina omwewo, windo lomwelo kumanzere, mutu wowerama chimodzimodzi. Kusiyana kwake, pa china mayiyo anali ndi manja a munthu amene wasoka moyo wake wonse, chala chimodzi chopindika, ulusi ataugwira ndi milomo. Pa chinacho anali ndi manja ngati nthochi.

"Miyezi isanu chinali kuchipinda kwanga," anatero Zotsala, mawu ali phee. "Ndimadabwa kuti ndani amasuntha nsalu yofundira."

Ndinadinda chala pangodya ya cha manja a nthochi. Chala chinabwera chobiriwira. Ndinadinda pa chinacho, chouma gwa.

"Lembani, bwana," ndinatero. "Chouma ndi mayi, chonyowa ndi mwana. Anakopera posachedwapa, akudziwa kuti mlongo wake sadzalowa muno. Mtsikanayu atalowetsedwa dzana, mnyamatayu anaona kuti zikapachikidwa khoma limodzi, ngakhale Adona azindikira."

Inali itatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane folo.

* * *

Nthawi yomweyo bambo awo analowa. Anali atatseka shopu msanga, atavala suti ya maukwati, kudzaona mwana wawo wamwamuna akulandira makiyi. Anaima pakati pa holo, nayang'ana wapolisi, nayang'ana ana awo, kenako maso anagwera pa zithunzi ziwiri zija. Anayandikira chouma chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi iyeyu ndithu," anatero. "Ndi mmene ankalumira ulusi." Anatembenukira kwa Kandevu n'kumugwira paphewa. "Sukulu ija sinapite pachabe, mwana wanga." Kenako analoza cha patebulo ndi chibwano, maso ali pa mtsikanayo. "Nanga iwe, ukamaonera za mchimwene wako, osaonera bwinobwino bwanji? Taona manjawo."

Kandevu anayang'ana pansi, ndipo sanawakonze. Ndinamudikira, ndinamupatsa mpata wonse, koma mwana wopanda manyaziyo anangoima phewa lili m'dzanja la bambo ake.

"Bambo," ndinatero, "chimene mwachitamacho ndi cha mtsikana. Cha manjawo ndi cha sukulu."

A Sajeni anafotokoza zotsalazo, mosokoneza, koma zinamveka. Nkhope ya bamboyo inasintha kawiri katatu. Ndinkayembekeza kuti apepesa mwana wawo. Anthu ndimawayembekezera zambiri, n'chifukwa chake ndimakhala wokwiya.

"Bwana, iyi ndi nkhani ya m'nyumba," anatero. "Tsekani kabukuko. Palibe chabedwa, zonse ndi za banja limodzi." Anapita kwa Adona. "Mayi, pachikani chabwinocho, mulembepo dzina la mnyamatayu. Penti ndi wake, matabwa ndi ake, ndipo ndi iye amene ali ndi mapepala. Mtsikanayu ali kale ndi pogwira Lolemba."

Adona anayang'ana koloko, kenako chithunzi, ndipo ndikulumbira kuti ankaganizira. Dzina la wophunzira limagulitsa.

"Zili kwa wodandaula," anatero a Sajeni, ndipo aka kanali koyamba kunena chanzeru. "Iwe mtsikana, nditseke?"

"Uganize bwino," anatero bambo ake, osakweza mawu. "Ukamulembetsa mchimwene wako m'buku la apolisi, kunyumba kwanga usabwereko. Ngakhale kudzatenga zovala."

Panja panamveka galimoto ikuima, zitseko zikutsekedwa, mlonda akupereka moni wake wautali. Zotsala anapukuta manja pa siketi. Ndinachita mantha kuti agonja, chifukwa ana ofatsa amagonja kawirikawiri.

"Lembani, bwana," anatero. "Chithunzi ndi changa, ndipo anandibera ndi achimwene."

Cholembera chinayamba kuyenda. Mtsikanayo sanayang'anenso bambo ake. Anatembenukira kwa Adona.

"Mayi, chipinda cha pamwambacho, munthu akapambana, angamagonemo?"

"Muli sinki ndi windo basi. Mulibe bedi. Ndipo sunapambane."

"Ndamva."

Chithunzi chake ndinachiveka felemu mwachangu chimene sindinachitepo. Iye anagwira mbali ina, ine ina, n'kulunjika pa mpata uja anafuna kuikapo maluwa. Bambo ake anali ataima panjira penipeni, manja ali m'matumba a suti. Mwanayo sanapatuke ndipo sanapemphe njira. Anangoyendabe ndi chithunzi cha amayi ake kutsogolo, mpaka bamboyo anasuntha yekha.